Ndinali Maso a Che Twaibu

Amene anandilakwira ndi malume anga enieni, a Gelevaziyo, alongo awo a amayi anga. Ananamizira nkhalamba yosaona bwino kuti ikuphunzitsa ana kunyoza gule. Nkhalambayo inachoka m'mudzi mwathu ndi dzina lonunkha, ine n'kutsala wopanda mphunzitsi, ndikusoka fodya m'chigafa cha malume omwewo. Ndikulemba poyera chifukwa mpaka chaka chathachi bodzalo linali lidakali ndi miyendo. Ana obadwa dzulodzuloli, amene nkhalambayo sanaionepo n'komwe, ankadutsa pamene panali nyumba yake n'kumauzana kuti, "Apa mpamene pankakhala Mchawa wonyoza uja."

Dzina lawo anali a Che Twaibu. Ndikawakumbukira, nkhope imabwera pambuyo, limayamba ndi fungo: phula la njuchi limene ankapaka pa ulusi kuti msoko usalowe madzi, tenti ya thiraki yofunda ndi dzuwa, yonunkha dizilo ndi fumbi la njira yonse, komanso utsi wa makala a pambaula pamene ketulo yakuda bii inkawira tiyi wa jinja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pamwamba pa zonsezo pankamveka mathiraki akubuula pokwera kamtunda kopita ku boda, ndi iwo akung'ung'udza pansipansi mawu a Chiarabu, singano yaikulu ili phu, phu, kuboola tenti imene anaiyala pamiyendo ngati mphasa.

Anachokera ku Mangochi ine ndisanabadwe, akugulitsa usipa pa njinga. Agogo anga aakazi anawapatsa kamalo kuseri kwa nkhokwe zathu, m'mphepete mwa msewu, ndipo mawondo atakana njinga anayamba kusoka matenti ong'ambika a mathiraki. Akazi awo anamwalira, ana awo anabwerera kwawo, iwo anatsala. Ife tinali Akatolika a ku Guilleme, iwo Msilamu, koma mbuzi yathu ya pa Khirisimasi ankatizingira ndi iwo kuti nawonso adye nawo. Panalibe amene ankaona chachilendo pamenepo.

Sukulu ndinalekera Sitandade sikisi. Mnyamata wina, mwana wa aphunzitsi, ananena pamzere anthu onse akumva kuti bambo anga anathawira ku Chipata chifukwa amayi anga sasamba. Ndinamugulula mano akutsogolo. Ahedi anati ndikabwere ndi bambo anga, akudziwa bwino lomwe kuti bambowo ndiye nkhani yake. Sindinabwererenso. Mtima wanga ndi wapachala, sindikana, ndipo mnyamatayo sindinamupepese mpaka lero.

Ndinayamba kukhala pamsewu tsiku lonse ndikugenda chikwangwani cha mabasi. Tsiku lina ndinamva mawu kuchokera pakhonde pa a Che Twaibu.

"Iwe Sitefano! Chikwangwanicho chakutukwana nachonso?"

"Ayi."

"Ndiye chileke. Bwera kuno undilowetsere ulusi, bowo la singanoyi landithawa."

Nditayandikira mpamene ndinaona kuti maso awo achita ng'ala, oyererera ngati madzi otsukira mpunga. Zapafupi ankaziona mwa chizimezime, zakutali n'zimene zinali zitawasiyiratu. Ndinalowetsa ulusi. Anaupapasa ndi chala, anagwedeza mutu, anandithirira tiyi m'kapu ya chitsulo, osandifunsa za mano a munthu kapena za bambo anga. Mawa lake ndinabweranso osaitanidwa. Sabata isanathe ndinali ndikudziwa kukoka tenti, kupinda m'mphepete ndi kupaka phula.

Masana, sukulu ikaweruka, pakhondepo pankabwera ana a mabanja ochepa a Chisilamu a pamalo pathu kudzaphunzira Chiarabu. Wanzeru kuposa onse anali Asiyatu, kamtsikana kakang'ono kwa ine, mwana wa a Jafali opha mbuzi pamsika. Ine ndinkangokhala pambali ndi singano yanga, makutu ali tcheru. Tsiku lina a Che Twaibu anafunsa funso, ana onse ali duu, ine yankho linangotuluka lokha.

"Ameneyo ndani?"

"Ndi Sitefano," anatero Asiyatu, atakwinya nkhope.

"Ehee! Mkatolika wakudyerani ndiwo muli pomwepo. Sendera kuno iwe. Koma Lamulungu uzipita kutchalitchi kwanu, sindikufuna milandu ndi mayi ako."

Mawu olozera zinthu zapafupi ankaphunzitsa mothamanga. Ankangogwira ketulo, kugwira singano, kugwira mutu wa mwana, "hadha, hadha, hadha," basi yatha. Koma akafika pa mawu olozera zakutali, pamenepo ndiye ankakhazikika, singano n'kuibaya pa tenti. Mwana ankaimirira kumapeto kwa khonde, kuyang'ana kunja, n'kutambasula dzanja.

"Dzanja lonse!" ankatero. "Chakutali sachiloza ndi chigongono."

Ndiye ankafunsa, "Ma dhalika?" kutanthauza kuti icho n'chiyani. Iwe n'kuyankha mokweza, "Dhalika jabalu!" ilo ndi phiri.

"Phiri lake liti?"

"La Mchinji."

"Lidakalipo?"

"Lilipo."

"Chabwino. Ndimaopa kuti a ku Zambia aliolotsa pa njinga."

Dhalika anali wa chinthu chachimuna, tilka wa chachikazi. Ine ndinakangana nawo tsiku loyamba lomwe, chifukwa anati galimoto ndi tilka. Galimoto ikhala bwanji mkazi? Anati, "Kafunse madalaivala chifukwa chimene amagonera pansi pake osapita kwawo." Ng'ombe zambirimbiri zili kudambo nazonso anati ndi tilka, ngati mayi mmodzi. Ndinati Aarabu sadziwa kuwerenga. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti ndikadzakumana ndi Mwarabu ndidzamuuze ndekha. Koma anthu akakhala gulu kutali, mawu ake anali ena, ulaika. "Amenewa ndi a anthu basi," ankatero, "ngakhale anthu amene sukuwafuna."

Zinanditengera nthawi kuti ndizindikire chimene ankachita. Ukayankha m'Chiarabu, iwo ankapitiriza m'Chichewa. Galimotoyo yamtundu wanji? Yanyamula chiyani? Mitambo ya kuphiriko yada kapena yayera? Amayi akuchokera kuchitsimewo akuyenda bwanji, si mayi a Lute amene ankadwala mwendo? Tinkawauza, iwo nkhope atalozetsa kumene dzanja laloza, akumwetulira pang'ono. Thiraki ikaonekera kumunsi ankafunsa ngati tenti yake ikukupiza. Ndikati ikukupiza, ankakuwa, "Thamanga, kaimitse! Uwauze kuti mvula ili kutsogolo!" ngakhale kumwamba kuli mbee. Phunziro lija linali phunziro ndithu, koma linalinso maso awo, linalinso malonda awo. Tsiku lina ndinawafunsa mosabisa, anayankha kuti, "Zapafupi ndimazigwira ndi manja. Zakutali mundionere inu. Nanga ana ntchito yawo n'chiyani?"

Ine amene aphunzitsi ankati mutu wanga ndi wa nkhonya basi, pakhonde paja ndinali woyamba. Miyezi inadutsa osamenya munthu. Amayi anayamba kuyenda ataweramutsa mutu.

Amene sanakondwe ndi malume. Iwo anali ndi fodya wambiri, chigafa chachitali, koma manja ochepa, ndipo mwana wa mlongo wawo wosiya sukulu ankamuona ngati khasu limene wina wabwereka osapempha. Dzina la Gelevaziyo anabatizidwa nalo ali khanda, koma mtima wawo unali kudambwe, kumene anali munthu womveka. Anabwera kwa amayi kangapo konse. Amayi ankangoti, "Achimwene, musiyeni, mwanayu wayamba kukhala munthu." Kenako malume anapita okha pakhonde paja, osatsika n'komwe panjinga.

"Achemwali anga anabereka mwana kuti azitumikira alendo?"

"Khalani pansi a Gelevaziyo, tiyi alipo."

"Ndafunsa funso."

"Mwanayu sindinamumange chingwe. Mufunseni yekha kumene akufuna."

Ndinayankha ndisanafunsidwe kuti fodya amandinyansa. Malume anapalasa njinga n'kumapita.

Tsopano tsiku lenilenilo. Kumudzi wa kutsidya kwa dambo kunagwa maliro a mkulu wina wa gule, ndipo manda a mudziwo, nkhalango yowirira ija, ankaonekera bwinobwino tikaima pakhonde pathu. M'mawa umenewo a Che Twaibu sanagwire singano polemekeza maliro, ankadikira kuti dzuwa likwere ndiwaperekeze kusiwa. Tinalipo atatu, iwo, ine ndi Asiyatu amene anabweretsa chiwindi cha mbuzi chochokera kwa bambo ake. Mphepo inabweretsa mawu a anthu kuchokera kutali. Nkhalamba inatchera khutu, n'kufunsa monga mwa masiku onse, "Man ulaika?" awo ndani.

Ndinaimirira, ndinatambasula dzanja lonse monga anandiphunzitsira, chala chili njo kuloza kunkhalango. "Ulaika rijalu!" Awo ndi amuna. Anali adzukulu, anthu okumba manda, akutuluka ndi makasu ndi mafosholo pamapewa, miyendo ili mbuu ndi dothi lofiira. Kutsogolo kwawo kunali a Filipo, amene ankamwa limodzi ndi malume, ndinawazindikira ndi chipewa chawo cha mlaza.

Kuloza manda ndi chala kwathu n'koletsedwa, aliyense amadziwa. Timaloza ndi chibakera kapena ndi mlomo, ndipo ana amauzidwa kuti chala chiwola. Ndinaiwala, dzanja linazolowera. Koma umenewo ndi mlandu wa kambama kamodzi padzanja, basi.

Malume ankadutsa pamsewu nthawi yomweyo. Anamanga mabuleki.

"Iwe! Ukuloza chiyani kumanda ndi chala?"

Ndinabweza dzanja. Iwo anatembenukira kwa Asiyatu, mawu atawafewetsa. "Mwanawe, mnzakoyu wanena kuti chiyani m'chiyankhulo chanucho?"

Asiyatu anasangalala kuti munthu wamkulu wamufunsa zimene akudziwa. "Akuti awo ndi anthu aamuna."

Malume anayang'ana kutsidya. Anawaona adzukulu aja, anaona makasu, mpaka anakweza dzanja kupatsa moni a Filipo, a Filipo nawo n'kukweza chipewa. Zimenezi ndinaziona ndi maso angawa. Kenako anakwera njinga n'kumapita.

Masana a tsiku lomwelo, m'nkhalango yomweyo munatuluka zilombo kudzavina pamaliro. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itazungulira midzi yonse iwiri: Mchawa uja waimika mwana wosameta pakhonde, wamuuza kuti aloze zilombo ndi chala, anene m'chiyankhulo chobisika kuti amenewo ndi anthu wamba. Amene anakulira kuno akudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Ine gule sindilimbana naye, ndi wa makolo anga, ndipo ng'oma zikalira mpaka lero thupi limandisisimuka. N'chifukwa chake bodzalo linali loipitsitsa. Malume anatenga chinthu cholemekezeka cha mudzi wonse n'kuchisandutsa chikwapu chawochawo.

Mawa lake akuluakulu a kudambwe anabwera. A Che Twaibu anawayalira tenti ya mwini wake pansi pa mtengo wa mango, anawapatsa moni mmodzimmodzi powazindikira mawu. Malume anafotokoza nkhani yawo modekha, ngati munthu womva chisoni. Akuluakulu aja anaitanitsa Asiyatu n'kumufunsa.

"Mnzako analoza kumanda?"

"Eya."

"Anati awo ndi anthu aamuna?"

"Eya." Anayamba kulira. Palibe amene anamufunsa kuti inali nthawi yanji, kapena kuti anthuwo ananyamula chiyani.

Ine ndinalumpha. "Unali m'mawa! Anali adzukulu ndi makasu! A Filipo, si inu munakweza chipewa?"

A Filipo anali pomwepo. Anayamba kuchotsa chisoso pa buluku lawo, chimodzichimodzi, osadzutsa mutu.

"Akuluakulu," anatero malume, "mboni yathu ndi imeneyi, imene inasiya mwana wa aphunzitsi akudya phala lokha?"

Anthu anaseka. Magazi anandikwera kumutu, dzanja langa linapeza mpini wa ketulo yowira ija. Sindikudziwa kuti nkhalamba yosaona inadziwa bwanji, koma dzanja lawo linagwira mkono wanga ngati pulayala, zala zolimba ndi zaka zokoka ulusi. "Khala pansi," anatero chapansipansi. Ndinakhala. Kenako anayankhula kwa anthu aja.

"Ine maso ndilibe, mukundiona. Ndinamva mawu, ndinafunsa mwana, mwana anandiuza kuti ndi amuna a makasu. Mwanayu wakhala akundiuza zakutali tsiku ndi tsiku, sanandinamizepo ngakhale mtundu wa galimoto. Ndakhala nanu zaka zonsezi, ng'oma zikalira ndimatseka chitseko changa n'kukhala m'nyumba. Ngati ndalakwa poiwala kuti kumene kukuchokera mawuko ndi kumanda, pamenepo ndapepesa."

Akuluakulu aja sanali anthu oipa. Ena ankaoneka kuti akukayika. Koma kunali mawu a munthu wa kudambwe mbali ina, mawu a mlendo ndi a mwana wandewu mbali inayo. Nkhalambayo sanaithamangitse ayi. Anangogamula kuti pakhonde paja pasapezekenso mwana aliyense, wa Chisilamu kapena wa Chikhristu. Iwo ankaona ngati aweruza mofatsa. Malume okha ndi amene ankadziwa kuti munthu amene sangathe kulowetsa ulusi m'singano, ukamuchotsera ana wamuchotsera zonse.

A Jafali anatsekera ana awo m'nyumba poopa kuti anthu asiya kugula nyama. Amayi analira, n'kundiuza kuti mwini mbumba wanena, ndipite kuchigafa. Ndinapita, koma m'mamawa uliwonse ndisanapite ndinkazemba kuseri kwa nkhokwe, n'kulowetsa ulusi m'singano zawo zonse, n'kuzibaya pamzere pa nsanamira ya khonde kuti azingopapasa n'kuzula. Iwo ankamva mapazi anga koma sankandiyankhula, kuti wina akafunsa anene zoona kuti sanayankhule ndi mwana. Pa nsanamirapo ndinkapeza kapu ya tiyi itavundikiridwa ndi mbale.

Sizinathandize kwenikweni. Singano zinkatha dzuwa lisanafike pamutu. Mathiraki a matenti okupiza ankangodutsa, wowaimitsa panalibe. Anthu amene kale ankaima kucheza anayamba kudutsa tsidya lina la msewu, ndipo masana ndikamabwera kuchokera kufodya, manja ali nyatanyata ndi utomoni, ndinkawaona ali okha kumapeto kwa khonde, nkhope italoza kuphiri, opanda wowauza ngati lidakalipo.

Mvula isanathe, dalaivala wina wa kwawo amene ankapita ku Liwonde wopanda katundu anavomera kuwatenga. Katundu wawo anali wochepa: mphasa, mbaula, ketulo, kabokosi ka mabuku. Tsiku limenelo sindinapite kufodya, ndipo sindinazembe. Ndinayenda pamsewu anthu akuona, ndinawanyamulira bokosi, ndinawakweza kutsogolo. Amayi anabwera ndi mtedza m'kansalu, anagwada pansi.

"Mayi a Sitefano, dzukani, mudetsa chitenje," anatero. Kenako anapapasa m'thumba la mkanjo, n'kundipatsa singano yaikulu ija ndi chibuluma cha phula. "Msoko wako umakhota ukakwiya. Ukakwiya uziyamba wamwa tiyi."

"Malume ndikawaotchera chigafa."

"Ukatero anthu adzati Mchawa uja anaphunzitsa mwana kuotcha. Wamva?"

"Ndamva."

Thiraki inanyamuka. Ndinaima pakati pa msewu mpaka inafika kumunsi kuja, yaing'ono ngati bokosi la machesi. Pamenepo ndinatambasula dzanja lonse, anthu a pamsika akundiyang'ana, n'kukuwa ndi mawu anga onse, "Dhalika mualimi!" Uyo ndi mphunzitsi wanga. Sanamve, injini inali ikulira. Koma a pamsika anamva, ndipo palibe amene anayerekeza kufunsa tanthauzo lake.

Chigafa sindinachiotche. Ndinasoka fodya wa malume nyengo imodzi yathunthu, ndikuwatumikira osawayang'ana kumaso, ndipo fodya atapita ku okushoni ndinanyamula singano yanga kupita ku boda. Ndinayamba ndi kukhala pansi pa mtengo pafupi ndi pamene mathiraki amaima pamzere. Lero ndili ndi kashedi kanga ka malata ndi makina osokera, ndipo madalaivala a ku Zambia, a ku Tanzania, ngakhale a ku Somalia amadziwa kuti tenti ikang'ambika apite kwa Sitefano. Chiarabu chimene chinatsala m'mutu mwanga n'chochepa, moni ndi mawu olozera aja ndi mayina a zinthu zimene zinkaoneka pakhonde pathu. Mwarabu weniweni ndinakumana naye kamodzi, dalaivala wa ku Sudan. Ndinamuuza ndithu za ng'ombe zija kuti anthu a kwawo sadziwa kuwerenga. Anaseka mpaka kugwira tayala.

Dalaivala yemwe anawatenga uja ndi amene anadzandiuza, patapita zaka, kuti a Che Twaibu anamwalira kwa mwana wawo wamkazi, maso atatsekekeratu. Anati masiku awo omaliza ankakhazika zidzukulu pakhomo n'kumazifunsa zimene zikuoneka kutali. Ndinatseka shedi tsiku limenelo. Pamalo pamene panali nyumba yawo malume anali atamangapo kale chigafa chachiwiri.

Chaka chatha ndinapeza mkazi, Esinati wa kwa Mavwere, amene amagulitsa nthochi ku boda. Achibale anasonkhana pakhomo pa amayi kuti asankhe ankhoswe a mbali yathu, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwa mwambo udindowo ndi wa malume. Esinati nkhani yonse ankaidziwa. Ndikunyamuka anandigwira malaya n'kunena kuti, "Kaya kukachitika zotani, manja akakhale m'thumba. Sindikufuna kukwatiwa ndi munthu wotsekeredwa kupolisi."

Anthu anadzaza bwalo: azakhali, asuweni, anansi, ndi a Filipo omwe, okalamba tsopano, atatsamira ndodo. Malume anabwera atavala jekete, tsitsi lili mbuu, anakhala pampando wokhawo wokhala ndi chotsamira. Ndinali nditaganiza zongokhala chete, ukwati udutse, ndisawakhumudwitse amayi. Koma malume anaimirira kuyankhula.

"Mwana uyu mukumuona lero ali ndi makina, ali ndi mkazi, ndi ntchito ya manja anga. Akanatayika uyu. Ndine ndinamuzula m'kamwa mwa Mchawa wonyoza uja, ndinamuphunzitsa ntchito."

Anthu ena anawomba m'manja. Mkwiyo uja unandibwerera. Patsogolo panga panali kapu ya tiyi imene amayi anandipatsa. Ndinaimwa yonse, pang'onopang'ono, ndinaiika pansi. Ndinaimirira, manja onse awiri m'thumba, ndinayenda mpaka pamene ndinkatha kuona timitsempha tofiira ta m'maso mwawo. Amayi anati, "Sitefano," koma mawu awo sanali ondiletsa.

Ndinati, "Malume, ntchito imene ikundidyetsa anandiphunzitsa ndi a Che Twaibu, ndipo dzina lawo ndi limenelo, mulitchule bwino. Tsiku lija unali m'mawa. Munaona adzukulu ndi makasu, munawapatsa moni, a Filipo awa anakukwezerani chipewa, ali apa afunseni ngati ndikunama. Inu munapita kukauza anthu kuti zinali zilombo, chifukwa munkafuna wokusokerani fodya waulere. Munanamiza akuluakulu, munanamizira gule, munathamangitsa munthu wosaona amene sanakulakwireni kanthu. Nkhoswe ndi munthu amene banja likavuta amanena zimene waona. Inu simungakhale nkhoswe yanga. Ku ukwati bwerani, mudzadye, mudzavine ngati miyendo ikulola. Koma pakati pa ine ndi mkazi wanga simudzaimapo, ndipo kuyambira lero mwana aliyense wa m'mudzi muno akadutsa pachigafa chanu chija, adziwe kuti wonyoza gule sanali Mchawa ayi. Munali inu."